Zigamba Ziwiri pa Khoma

Mu Novembala, ku Tromsø kuno,
Eivind anabwera ndi tizitini tiwiri ta penti
m'thumba la jekete, kunja chipale chili mbuu.
Chipinda cha Sunniva chinali chopanda munthu
chichokereni iye kupita ku Bergen;
tinati tichisandutse chowerengeramo.

Iye anapaka chigamba chake cha kuzenera:
chikasu, chonga batala wosungunuka m'poto.
Ine ndinapaka changa cha kukhomo:
chotuwa mopendekera kubuluu,
ngati msana wa nsomba zoyanika padoko.

Wogulitsa uja anatilangiza ndithu:
"Musasankhe usiku. Penti amanama pa babu.
Mudikire dzuwa lilowe m'nyumba."
Anaiwala kumene ali, bambo ameneyo.
Dzuwa linali litatsanzika kale,
kubwerako mpaka Januwale.

Ndiye tinakhala nazo, zigamba ziwiri,
miyezi iwiri yathunthu.
Pa babu lakudenga chikasu chija chinkaoneka chodwala,
ngati mano a munthu wosuta.
Changa chinkazizira ngati khonde la chipatala.
Ndikayatsa kandulo, chake chinkapsa bwino,
ine kukhala chete, osamuuza.
Tsiku lina ndinamupeza ataima pakhomo, khofi m'manja,
maso ali pa changa.
Atandiona anatsokomola, nati akuyang'ana mng'alu.

"Chikasu chimafunditsa," ankatero.
"Chikasu chimalongolola," ndinkayankha,
"munthu sungawerenge khoma likukuwa."
Zaka makumi atatu tili limodzi,
ngakhale za ndalama sitinakanganepo chonchi.

Tsono tsiku lija linafika.
Ana asukulu anatuluka ndi mabanzi awo kukalonjera dzuwa,
ife tinakokera mipando iwiri pakati pa chipinda
ngati oweruza milandu.
Cha m'ma twelofu kuwala kunasuzumira paphiri,
kunalowa pazenera mowonda ngati lamba,
osakhudza chikasu,
osakhudza chotuwa.
Kunagwa pakati, pa khoma lakale lothimbirira,
pomwe pali timizere ta pensulo:
Sunniva, zaka zinayi.
Sunniva, zisanu ndi ziwiri.
Sunniva, wanyang'ama, wabera.

Mphindi zochepa chabe, basi, kunapita.

Palibe anayankhula.
Eivind anatenga tizitini tija
nakatiika m'chipinda chapansi
pafupi ndi matayala a m'chilimwe.
Maburashi, omwe anali chiviikire m'botolo limodzi,
ndinatsuka ndine.
Madzi ake anatuluka obiriwira.