Lipenga la Clifford

Analibweretsa Lachiwiri, mvula ya ku Sheffield ili waa padenga,
atalikulunga m'juzi yakale ngati mwana wodwala.
"Ndine Alwyn Hepworth. Ili linali la achimwene.
Analiimba zaka makumi atatu m'bandi ya pamgodi wa malasha.
Mgodi n'kutsekedwa, bandi n'kutha,
iwonso n'kulondola njira yomweyo."

Ndinalitembenuza pansi pa nyale.
Siliva wa mbali yogwirira anali atapita yense,
mkuwa uli pamtunda, wachita manyazi,
ndipo unajambula dzanja:
zala zinayi apa, chala chachikulu apo.
Thukuta la munthu ndi asidi woleza mtima.

Anthu amayesa ntchito yanga ndi yopaka,
ngati laimu pakhoma lang'alu.
Ayi ndithu. Siliva sabisa kanthu.
Ukasiya pokalika, iye amalowa momwemo
n'kupawalitsa kuti aliyense apaone.
Choncho masiku awiri ndinangochotsa:
siliva wotsalira, litsiro la m'makona,
pobonyoka pamene linagwa pa masitepe a tchalitchi
chaka china chimene Alwyn sanafune kuchitchula.

Pakamwa pa lipenga panali dzina lozokota,
C. Hepworth, lopyapyala ngati tsitsi.
Gudumu lopukutira likanangodutsapo kawiri,
munthuyo akanafanso.
Ndinazimitsa makina.
Pamenepo ndinapukuta ndi chala, ndi kansalu,
mpaka khofi wanga anazizira kachitatu.

Kenaka madzi otentha ochotsa mafuta,
chifukwa ngakhale chidindo cha chala changa
chingathe kumukanitsa siliva kukhala.
Ndinalimanga ndi waya, n'kulitsitsa m'thanki.
Madzi a m'thankimo sacheza,
bambo anga ankati uziwalemekeza ngati apongozi:
osayandikira kwambiri, osawatembenukira msana.

Magetsi ndinayatsa pang'ono chabe.
Wothamanga amawotcha ntchito.
M'mbali mwa thanki mwapachikidwa chitsulo cha siliva
chimene ndinachigula chili chonenepa.
Lero chaonda, chadyeka m'mphepete ngati sopo wa kubafa.
Palibe amachiona chikupita.
Chimangochoka mwakachetechete, kachidutswa kosaoneka ndi maso,
kuwoloka madzi,
kukavala thupi la mwini wina.
Ndimachiyang'ana nthawi zina kuposa mmene ndimayang'anira katundu wa eni.
Ine zaka zanga makumi anayi m'chipinda chino
zili pa masupuni a anthu amene sadziwa kuti ndine Glenda.

Linatuluka lili mbuu, loyera ngati ufa,
losawala ngakhale pang'ono.
Atsopano pantchito amalira akaona zimenezi.
Kuwala kumabwera pambuyo, ndi mkono.

Loweruka Alwyn anabwera ndi mdzukulu, Keeley,
wa zaka khumi ndi chimodzi, mano akutsogolo otalikirana.
Mkuluyo analinyamula, nalizunguza,
nafunafuna ndi maso mbali ija.
Dzanja la mbale wake panalibe.
Ndinaona kukhosi kwake kukukwera, kukutsika.
Ndinali nditamuchenjeza, inde,
koma chenjezo la Lachiwiri silithandiza Loweruka.

"Mwafufuta," anatero.
"Ndafufuta," ndinavomera.

Mwana uja sanadikire kuti timalize maliro athu.
Analilanda, naligwira molakwika,
zala zake zamafuta a tchipisi
zili mbwee pa siliva wanga wa masiku anayi,
natupitsa masaya.
Linalira ngati ng'ombe yopondedwa ndi ngolo.
Nkhunda za pawindo zinathawa.
Alwyn anaseka mpaka kutsokomola,
chifuwa cha malasha chija,
nagwira dzanja la mwana, nalisunthira m'munsi pang'ono.
"Apa. Clifford ankagwira apa."

Anafunsa ngati pali mankhwala
oti siliva asathenso.
Ndinati alipo: kulitsekera m'bokosi.
Analipira, osapempha kuti ndichotseko,
natuluka m'mvula, juzi ija ataiiwala pa benchi.

Ndaipinda. Ili pamwamba pa kabati.
Akadzalibweretsanso, zaka makumi atatu zikubwerazi,
thanki iyi idzakhala ya wina, kapena sidzakhalapo.
Ndatembenuza chitsulo cha siliva chija
kuti chidyeke mbali inayo.
Mawa kuli mafoloko makumi asanu ndi limodzi a hotela.