Filiji ya ku Basse

Filiji inafika Lachiwiri.
Pachitseko pake anamata kambendera ka nyenyezi
ndi mawu akuti mphatso yochokera kwa abwenzi.
Ine Nyima, namwino wa pachipatala chino cha ku Basse,
ndinaimba nawo nthungululu.
Ndani akanakhala chete?
Chaka ndi chaka katemera wa chikuku ankatifera m'bokosi
dzuwa la Epulo likaŵaula mtsinje wa Gambia.

Lachisanu ndege inatera ku Yundum.
Yankuba, mlongo wanga, anatsika masitepe
wapolisi kudzanja ili, wapolisi kudzanja linalo,
zingwe za pulasitiki zitamudya m'mikono.
Zaka zisanu ndi chimodzi akukanya buledi usiku ku Bremen.
Malata a nyumba ya amayi anachokera mu ufa wa m'zikhadabo zake,
fizi yanga ya unamwino chimodzimodzi.

Pawailesi akuti zinthu ziwirizi sizikukhudzana.
Komabe mgwirizanowo ndi buku limodzi:
tsamba la mijigo, tsamba la magetsi a dzuwa,
tsamba la boti lolondera panyanja,
kenako tsamba loti ana athu akabwezedwa
tisachedwe kudinda mapepala awo.
Ukang'amba limodzi, atseka buku lonse.
Paja kupatsa n'kuika.
Awa anaika chingwe, nsonga yake ili m'manja mwawo.

Amulonjeza anapiye makumi asanu
ndi maphunziro a sabata ziwiri.
Sanapite kukalembetsa.
Amadzuka pakati pa usiku monga kale,
nthawi yoyatsa uvuni,
n'kukhala pakhonde, zala zikukanya mphepo.

Dzulo anabwera kuchipatala.
Anagwada kumbuyo kwa filiji
n'kundiwerengera zilembo za Chijeremani zomwe ine sindizimva.
"Akuti musamaitsegule pafupipafupi," anatero,
ndipo anaseka, kaseko kouma.

Lero ndabaya ana khumi ndi anayi.
Wa Sirreh sanalire n'komwe,
anangondiyang'ana ngati ndamubera kanthu.
Onsewa adzakula, ndikudziwa,
ndipo ena adzayang'ana kumpoto
monga anachitira mwana wa amayi anga.
Ndayesa kuwerengera pachikuto cha kaundula
kuti filiji imodzi ndi alongo angati.
Masamu akukana.

Madzulo ndinatsegula chitseko kuti ndibweze mabotolo otsala.
Mpweya wozizira unamukhudza kumaso.
Anatsinzina.
"Novembala," anatero, "pasiteshoni ya basi, m'mamawa."
Ndinachigwira chitsekocho kanthawi
kuposa mmene malamulo amalolera,
kenako ndinatseka.