Kompyuta ya Malemu Varghese

Mvula ya ku Thrissur ikumenya malata.
Jomon wavundukula kompyuta ya malemu bambo ake,
fumbi lamera ngati ubweya pa fani.
Akupemerera, akutsokomola.

Ogulitsa m'tauni anati: yatha iyi, kataye.
Iye wabaya kafulashi m'nthiti mwake,
wasankha Linux yopepuka,
yosathyola nkhalamba msana.

Makina akufunsa: ndifufute zonse?
Chala chaima m'malere.
Muli zithunzi za ukwati umo,
ndi kaundula wa ngongole za sitolo.
Wazisamutsa kaye, chimodzichimodzi,
tiyi mpaka kuzizira.

Mzere wobiriwira ukukwawa
ngati nkhono pakhoma lonyowa.
Magetsi aphethira, koma sanazime.

Pakati pa usiku yadzuka,
ikupempha dzina.
Jomon walemba la bambo ake.
Intaneti ikukanabe. Za mawa izo.