Alendo Abodza a ku Longacres

Mlonda watseka geti, naini yadutsa.
Tatsala awiri pa nsanjika yachitatu,
ine ndi Zelipa, ndi tchipisi chozizira cha ku Kabwata.
Bwana akufuna nambala imodzi yokha mawa:
seva yathu inyamula angati isanagwade?

Ndiye tikuumba anthu.
Alibe maina, alibe kwawo, sadya.
Aliyense agogoda kamodzi, alowa, ndipo satuluka.
Si uja wofunsa mtengo wa tomato n'kumapita,
awa ndi okhalitsa, otsekereza chitseko ndi phazi.
Pakapita masekondi makumi awiri seva ifunsa: Ulipo?
Ndilipo.
Nkhani yawo ndi yomweyo, usiku wonse.

Tangopitirira chikwi, khomo lakana.
Zelipa aseka: tinaiwala kukweza malire.
Asintha mzere umodzi, anyambita mchere ku chala.

Zikwi khumi.
Memore ikukwera ngati madzi a ku Kanyama mu Febuluwale,
mwakachetechete, kuyambira kunsi kwa bedi.
Zikwi makumi awiri, fani yayamba kubuula.
Tisanafike makumi atatu, zii.
Ndinatsala pang'ono kulemba kuti seva yafa,
koma wakomoka ndi woyesa, laputopu yanga yomwe,
makomo ake otulukira atha,
woyesedwayo ali chilili, akutiyang'ana.
Tabwereka makompyuta awiri kwa owerengera ndalama,
tibweza asanazindikire.

Avereji ikuti zonse zili bwino,
yankho likufika diso lisanaphethire.
Koma avereji ndi kondakitala wa pa Kulima Tower,
amati basi yadzaza, tikunyamuka pompano.
Ine ndikuyang'ana kumchira kwa galafu,
kwa mmodzi pa zana, amene wadikira masekondi asanu ndi anayi.
Lero ndi kadontho kofiira.
Mwezi wamawa adzakhala mayi wa ku Chawama
ndi kafoni kosweka galasi, bando ikutha,
akuyang'ana ngati ambulansi yakhota kale pa msika.

Kenaka magetsi thi!
Izi sitinazilembe pa pulani.
Jenereta itsokomola kawiri kuseri kwa nyumba,
intaneti ibwerera,
ndipo onse zikwi makumi asanu abwerera nthawi imodzi,
kukankhana pa chitseko chimodzi
ngati geti la bwalo la mpira litatsegulidwa mochedwa.
Seva imene inawasunga maola atatu osadandaula
yagwa m'masekondi anayi.
Kusunga munthu amene wakhala kale n'kopepuka,
cholemera ndi moni woyamba.

Zelipa akuti tiwaphunzitse ulemu:
akadulidwa asathamange onse,
wina adikire sekondi, wina zisanu ndi ziwiri,
aliyense ndi mpata wake wosafanana ndi wa mnzake.
Tiyesanso. Tazula chingwe dala.
Abwera modontha, ngati mvula yoyamba pa malata.
Yapirira.

Fo koloko. Galu akuuwa chakumadzulo,
lole yoyamba yadutsa pa Great East.
Ndalembera bwana nambala yake,
ndachotsapo zikwi khumi, za mantha anga.
Zelipa wagona patebulo, nsapato ili m'manja.

Ndizima alendo anga, gulu ndi gulu,
palibe wotsanzika.
Pamenepo ndiye ndaona foni yanga pansi pa pepala la tchipisi.
Uthenga wa Tilabilenji, mng'ono wanga wa ku Petauke,
wa Lamulungu: Mulipo, akulu?
Wina wa Lachiwiri. Wina wa dzulo, mawu omwewo.
Seva yathu ikafunsa katatu osayankhidwa
imadula, n'kupatsa wina malowo.
Lamulo limenelo ndinalemba ndine.

Iye sanadule.
Pamwamba pa dzina lake pakuoneka kuti ali maso,
mwina akukonzekera za kumunda.
Chala changa chili ndi mafuta,
ndichipukuta pa thalauza kaye.