Khosi Lalifupi

Zaka makumi atatu ndikuwotcherera sitima padoko la Gdańsk,
zala zinapindika ngati mbedza.
Kachala kothera kanakana kutambasuka
chiphwanyikireni ndi chitsulo chija.

Gitala ya malemu achimwene ili pakhoma,
khosi lake ulendo wa ku Sopot wapansi.
Ndikagwira kuno, uko kwathawa.

Loweruka, chisanu chikuluma makutu,
ndinatsikira m'sitolo ya kaunjika ku Wrzeszcz.
Bambo Zdzisław sanafunse za nyimbo.
"Yalani dzanja patebulopa,"
analiyeza ndi tepi ya telala,
nalowa kuseri, akutsokomola, akukoka makatoni.

Anatulukira ndi kagitala kamagetsi kofiira,
kokalikakalika pamimba,
khosi lofupikirapo ndi zala ziwiri zokha.
"Kanali ka mwana wasukulu. Anakula."

Ndinasomeka chingwe. Sipika inang'ung'udza.
Kachala kaja kanafika pa nsambo yake
osapempha thandizo kwa phewa.

Mtengo sindinanenerere.
M'tramu ndinakafungatira ngati ndaba.

Usiku Mayi Halina a m'nyumba yapansi
anagogoda kudenga ndi mpini wa tsache,
katatu.
Ndinachepetsa mawu pang'ono,
koma nyimbo ndinaimaliza.