Tsiku Lobweza Makiyi

Che Asamu anena kuti Loweruka
abwera ndi tochi ngakhale kuli masana,
ayendera khoma ndi khoma,
ndipo dipoziti yanga ituluka m'thumba mwawo
pokhapokha nyumba ikabwerera
momwe anandipatsira zaka zinayi zapitazo.

M'kansalu mwatsala ya minibasi yokha,
kuchoka pa Kaphatenga kukatsika ku Benga.
Ya mankhwala onunkhira a m'botolo palibe.
Ndiye ndaima pakati pa chipinda chopanda mipando
n'kuyamba kuitana zotsala, chilichonse ndi dzina lake.

Mchere, bwera.
Iwe ndimu wofota mbali imodzi, bweranso.
Awiriwa ndawakwatitsa pampopi
pamene madzi athu a Salima anasiya chipere choyera,
ndipo chitsulo chaseka.

Neti yakale, imene udzudzu
unaloweza kale zipata zake zonse,
ndaidula panayi.
Yakwecha simenti ya kubafa mwaluso
kuposa mmene inkalondera tulo tathu.

Mswachi wa Zaithwa, wosanduka chinyankhalala,
walowa m'ngodya za mazenera
momwe fumbi la Okutobala limabisala.
Nyuzipepala ya chaka chatha ndainyowetsa pang'ono:
nkhani ya kukwera mtengo kwa feteleza
yapukuta galasi mpaka ndaona bwinobwino
mbuzi ya aneba ikudya maluwa anga.
Idye. Si anganso.

Mwaye wa kukhitchini wagonja kwa phulusa ndi chitsononkho,
mwana wa moto kuchotsa mbale wake.
Makala atatu ndawagoneka m'kabati
kuti amwe fungo la utaka.

Chitseko chija cholira,
chimene chinkandiuza ola lobwera bambo a Zaithwa
usiku uliwonse, mpaka usiku umene sichinalire,
ndachidonthezera mafuta ophikira, madontho awiri.
Chatseguka mwakachetechete ngati mlendo waulemu.
Zaka zinayi! Madontho awiri okha.

Pakhoma pali mabowo a misomali.
Ili linali la kalendala,
ili la galasi,
ili la chithunzi chimene sindichitchula.
Mankhwala otsukira mano, kadontho pachala,
onse atsekeka mofanana.

Nasitaziya wasuzumira pampanda,
mwana kumsana, mawu kutsogolo:
"Nanga zolembalemba za pafelemu ya chitsekozo?
Tengani patapata wakutha, mufute ngati labala.
Che Asamu pensulo amaiona ali kumsewu."

Ndatenga patapata. Ndagwada.
Timizere tisanu ndi kamodzi.
Kam'munsi Zaithwa ali ndi zaka ziwiri,
akukana kuima chilili.
Kachitatu atangochira malungo,
kutalikirana kwake ndi kachiwiri n'kochepa ngati chikhadabo.
Kapamwamba ananyang'ama, ndinamuona,
koma ndinalemba momwemo.

Dzanja lakana.

Pakhonde panali thumba la mpunga lopanda kanthu.
Ndasolola ulusi wake wautali,
ndaponda nsonga ndi chala chachikulu cha kuphazi,
ndakoka molunjika felemu,
ndipo pa kamzere kalikonse ndamanga mfundo.
Kenaka ndafuta.
Patapata wagwira ntchito yake, sananame Nasitaziya.

Loweruka Che Asamu abwera ndi tochi yawo.
Apititsa chala pawindo, achiyang'ana, achinunkhiza.
Atsegula chitseko, atseka, atsegulanso,
akufuna kulira kumene anakuzolowera.
"Munaitana kalipentala?"
Ndati ayi.
Awerenga ndalama kawiri, malovu pachala,
achotsapo ya galasi limodzi
limene ndinalipeza losweka kale.
Sindinakangane nawo. Dzuwa linali litakwera.

M'minibasi Zaithwa wagona pamiyendo panga,
mapazi ake akugunda bondo la munthu wina.
Kondakitala akuitana ndalama.
Ndapisa m'kansalu,
chala chayamba kukhudza ulusi,
mfundo yoyamba, yachiwiri,
mpaka yachisanu ndi chimodzi,
ndipo pamwamba pake patsala utali wokwanira
felemu ya nyumba imene sindinaione.