Khadi Lobiriwira

Mwezi uliwonse, ndisanaigwire ndalama yanga,
ina inkakhala itanyamuka kale.
Pa kapepala ka malipiro, kunsi kwa msonkho,
panali kamzere: inshuwalansi ya chipatala.
Kapitawo Dinyero ankati, "Imeneyo ndi ambulera, Zuwawo,
mvula ikadzagwa udzandithokoza."

Ndinadula nzimbe kuyambira Epulo.
Mwaye wa minda yotenthedwa unkalowa m'mphuno, m'makutu,
m'mizere ya m'manja momwe sopo safika.
Dzuwa la ku Nchalo limatuluka litapsa kale mtima.
Miyezi isanu ndi itatu, ine ndi chikwanje,
osadwala ndi chimfine chomwe.
Ambulera ija ndinailipira chilimwe chonse.

Novembala, sizoni inatha.
Majombo tinabweza, khadi anatisiyira,
lobiriwira, nkhope yanga pakona ikuoneka yodabwa.
Ndinalikulunga m'jumbo ndi kulibisa m'sutikesi
pamodzi ndi kalata ya ukwati.

Januwale, Lozaliya anayamba ludzu.
Ankamwa mtsuko wathunthu, milomo n'kukhalabe youma.
Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri.
Usiku ankatuluka kasanu,
m'mawa nyerere zitasonkhana pomwe anatayira madzi.
Adokotala anati ndi shuga.
Ndinaseka, Mulungu andikhululukire, ndinaseka:
shuga yense ndadulira anthu ena uja,
wathu n'kukhala uyu?

Pawindo panali mtsikana wa zikhadabo zofiira.
Anagogoda kompyuta, anayang'ana khadi, sanandiyang'ane.
"Bambo, ili linatha ntchito."
Ndinati lathera pati, mwanawe? Taligwira,
silinang'ambike, silinanyowe,
ngakhale mphemvu sinalinyambite.
"Makinawa akuti simulimo."
Ndinali nditaima pompo, thukuta likutsika m'msana,
koma sindinalimo.

Ku chipatala cha boma mzere unayambira pansi pa mtengo wa nimu.
Tinafika mbandakucha, anatiitana dzuwa litapendeka.
Mnyamata wa chovala choyera, maso ofiira ndi tulo,
analemba m'buku la Lozaliya mosamala kwambiri
kenako anatsitsa mawu ngati akupepesa maliro:
"Shelefu ili mbee. Mukagule ku famase."

Botolo lake ndi laling'ono ngati chala changa chakumapeto.
Mbuzi yaikazi inapita pa msika wa Ngabu, ili ndi bere.
Kenako njinga.
Kenako malata anayi omwe tinkati tidzafolera chipinda cha ana.
Ogula amanunkhiza mavuto ali patali,
mtengo amatchula okha.

Mankhwalawo ati safuna kutentha. Kuno!
Kuno komwe phula amasungunuka pamsewu.
Lozaliya anakwirira kamphika mu mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko,
amathirira m'mawa ndi madzulo
ngati wadzala kanthu koti kadzamera.

Inu a kumtunda, kupitirira zitunda za Thabwa,
amene mumalemba malamulo m'zipinda zozizira,
ndili ndi funso limodzi, silachipongwe:
kodi matenda nawo amasaina kontirakiti?
Amabweza majombo Novembala?
Ndalama yanga munaisunga miyezi yomwe ndinali wamphamvu,
tsiku lomwe ndinagwada munati nthawi yatha.
Ine ndiye bola, ndinaligwirako khadi.
Nyakuleha, woumba njerwa kuseri kwathu,
dzina lake silinalowepo m'makina alionse,
ndipo mwendo wake ukutupa chaka chachiwiri.
Tipangireni khomo limodzi, lotseguka chaka chonse,
losafunsa kuti ukugwira kuti.
Tidzasonkha. Kusonkha tinazolowera.
Koma chomwe tasonkhera tikachipeze pa shelefu.

Epulo wabweranso.
Dzulo ndinadinda chala pa fomu yatsopano.
Kamzere kaja kakwera ndi zikwi zitatu,
Dinyero akuti zinthu zadula kulikonse.
Khadi latsopano lidzatuluka pakatha milungu isanu ndi umodzi,
ati ndidikire.

Usiku uno Lozaliya wafukula kamphika,
wayang'anitsa botolo pa kuwala kwa tochi,
akuwerenga ndi chala masiku otsala.
Wafika pa naini.
Wayambiranso kuwerenga.